Finse, Mudzi wa Pamwamba pa Njanji ya ku Bergen

Finse ndi mudzi waung'ono wa m'mapiri a kum'mwera kwa dziko la Norway. Uli pamalo okwera mamita 1,222 kuchokera pamene palekezera madzi a nyanja yamchere, m'mphepete mwa nyanja yaing'ono ya Finsevatnet. Kum'mwera kwake kuli chimulu chachikulu cha madzi oundana chotchedwa Hardangerjøkulen, ndipo kumpoto chakum'mawa kwatandalala phiri lalitali la Hallingskarvet, limene nsonga yake yotchedwa Folarskardnuten imafika mamita 1,933. Pa za ulamuliro, mudziwu uli pansi pa khonsolo ya Ulvik m'chigawo cha Vestland, chimene chinapangidwa m'chaka cha 2020 ataphatikiza zigawo za Hordaland ndi Sogn og Fjordane. Siteshoni ya Finse ndiyo yokwera kuposa masiteshoni onse a panjanji yolumikiza mizinda ya Oslo ndi Bergen. Kuchokera ku Oslo pali mtunda wa makilomita pafupifupi 300, ulendo wa maola anayi ndi kamphindi. Kuchokera ku Bergen ndi maola awiri ndi theka.

Ku Finse sikufika msewu wa aliyense. Wopita kumeneko amakwera sitima, apo ayi amayenda wapansi, kupalasa njinga m'nyengo yotentha, kapena kutsetsereka pa chipale ndi maski, timatabwa titalititali tovala kumapazi, m'nyengo yozizira. Msewu waukulu wapafupi umadutsa ku Haugastøl, makilomita 27 kum'mawa. Munthu akatsika sitima amapeza kuti mudzi wonse wathera pomwepo: nyumba ya siteshoni, hotela imene khomo lake lili pafupi kwambiri ndi njanji, nyumba ya alendo oyenda m'mapiri pa kamtunda koloza m'nyanja, ndi tinyumba tamatabwa tomwazikana m'matanthwe, tambiri mwa ito ta anthu ongobwera patchuthi. Palibe mtengo ngakhale umodzi wopereka mthunzi, palibe munda, ndipo anthu okhalako chaka chonse ndi owerengeka. Mudzi wotere sukanabadwa mwa njira imene midzi imabadwira, potsata nthaka yabwino kapena msipu. Unabadwa chifukwa cha ntchito yolimbana ndi chipale chofewa panjanji, ndipo kukula kwake, kuchepa kwake ndi moyo wake wa lero, zonse zimatsata chipale chomwecho.

Dera lonseli ndi mbali ya kumpoto ya Hardangervidda, chitunda chachikulu chathyathyathya chimene chilibe chinzake kukula kwake kumpoto kwa Ulaya. Ngakhale Finse amawerengedwa kuti ali kumadzulo kwa dziko, madzi ake amalowera kum'mawa. Malire ogawa madzi ali ku Taugevatn, makilomita ochepa kumadzulo kwa mudziwu. Dontho logwa kutsidya kwa malirewo limatsika mofulumira m'zigwa zakuya n'kukafika m'nyanja yamchere ya kumadzulo patangopita makilomita makumi ochepa. Koma madzi a mu Finsevatnet amatuluka kudzera mu mtsinje wa Ustekveikja, n'kulowa m'nyanja ya Ustevatn, kenako n'kutsika chigwa chonse cha Hallingdal mpaka kukathira m'nyanja yamchere ku Drammen, kufupi ndi Oslo. Kusiyana kumeneku kukuonetsa mmene dzikolo lakhalira: kumadzulo ndi chiphompho, kum'mawa ndi mtsetse wautali wotsika pang'onopang'ono.

Miyala ya m'derali inasanjikizana katatu. Pansi penipeni pali thanthwe lakalekale lolimba, la mitundu ya granite ndi gneiss. Pamwamba pake pali mwala wofewa, wotuwa, wosendeka m'timapepala, wotchedwa phyllite, umene poyamba unali matope a pansi pa nyanja. Pamwamba pa zonse pali thanthwe lina lolimba limene linakankhidwira pamenepo zaka pafupifupi 400 miliyoni zapitazo, pamene zigawo ziwiri za dziko lapansi zinagundana n'kutukula mapiri a Caledonia. Phiri la Hallingskarvet likuonetsa bwino kusanjikizana kumeneku: m'munsi mwake muli mitsetse yofewa ya phyllite, ndipo pamwamba paima khoma lowongoka la thanthwe lolimba limene lakana kuperepeseka. Kumene phyllite ali poyera, nthaka imakhala ndi laimu ndipo timaluwa tamitundumitundu timamera. Pa granite pamangomera ndere ndi udzu wouma. Wodziwa zomera akhoza kutchula mwala umene uli pansi pa mapazi ake pongoyang'ana chimene chamera.

Chimulu cha Hardangerjøkulen ndi chachisanu ndi chimodzi kukula pakati pa zimulu za madzi oundana za pamtunda wa Norway. Chimakuta malo okwana masikweya kilomita oposa 60, pamwamba pake pamapitirira mamita 1,860, ndipo m'malo ena madzi oundanawo ndi okhuthala mamita oposa 300. Chimulu chotere chimapangidwa pamene chipale chogwa m'nyengo yozizira sichisungunuka chonse m'nyengo yotentha. Chotsalacho chimapsinjidwa ndi cha chaka chotsatira, chaka ndi chaka, mpaka kusanduka ayezi wolimba amene, chifukwa cha kulemera kwake, amayamba kuyenda pang'onopang'ono kutsikira kumbali zonse. Malirime awiri a chimuluchi, Blåisen ndi Midtdalsbreen, amatsikira ku mbali ya Finse ndipo amaoneka bwino munthu ali pasiteshoni. Kutsogolo kwa malirimewa kuli mizere ya miyala ndi nsangalabwi imene ayezi anakankha n'kuisiya. Mzere wakunja kwambiri ndi wa cha m'ma 1750, pamene kuzizira kwa zaka mazana angapo kunafika pachimake. Kuchokera pamenepo kufika pamene ayezi walekezera lero, munthu amayenda kamtunda ndithu pa nthaka imene zaka 300 zapitazo inali yokwiririka.

Kumadzulo, lilime lina lotchedwa Rembesdalskåka linkatseka chigwa n'kupanga dziwe la Demmevatnet. Ayezi akalephera kugwira, madziwo ankaphulika n'kusefukira m'chigwa cha Simadalen, monga zinachitikira m'zaka za 1893 ndi 1937, ndipo minda ndi nyumba zinakokoloka. Anthu anachita kuboola ngalande m'thanthwe kuti dziwelo lisamadzaze. Lero madzi a mbali imeneyo amapukusa makina a magetsi a ku Sima.

Nyengo ya ku Finse siimveka munthu akangoyang'ana kukwera kwa malowo. Mzinda wa Mzuzu uli pamalo okwera mofanana ndi Finse, koma kumeneko nthochi ndi khofi zimabereka. Chosiyanitsa ndi mtunda wochokera pakati pa dziko lapansi: Finse ali pa madigiri 60 ndi theka kumpoto, kumene dzuwa silifika paliwombo ngakhale tsiku limodzi, limangodutsa chapambali. M'mbali mwa nyanja ya Norway kuzizirako kumachepa chifukwa cha madzi ofunda a nyanja ya Atlantic ochokera kum'mwera, n'chifukwa chake doko la Bergen siliundana. Koma munthu akamakwera phiri, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 0.6 pa mamita 100 alionse, ndipo pofika pa mamita 1,222 mwayi wa madzi ofundawo watha. Mitengo imalekezera cha pa mamita 1,000 kapena 1,100. Finse ali pamwamba pa malire amenewo.

Kutentha kwa chaka chonse kukawerengedwa pamodzi, kumakhala pansi pa mlingo umene madzi amaundana: pafupifupi madigiri -2 m'zaka za 1961 mpaka 1990, ndipo kwakwerako pang'ono m'zaka zotsatira. Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi yozizira kwambiri, pamene mlingo wapakati umakhala cha pa -10, koma usiku wopanda mitambo ndi mphepo mpweya wozizira umakhuthukira m'chigwa cha nyanjayo ndipo mlingo ukhoza kutsika kupitirira -30. Julayi, mwezi wofunda kuposa yonse, amangofika madigiri 7 kapena 8 pa mlingo wapakati, ndipo chipale chikhoza kugwa mwezi wina uliwonse. Kawirikawiri chimayamba kukhazikika mu Okutobala, n'kukhala mpaka Juni, ndipo m'makwawa mobisika chimatsala mbee mpaka Ogasiti. Usana nawo umasintha kwambiri: kumapeto kwa Juni dzuwa limakhala kunja maola pafupifupi 19, usiku wake n'kungokhala chisisira, pamene kumapeto kwa Disembala usana sukwana maola 6.

Mvula ndi chipale zikaphatikizidwa zimakwana mamilimita pafupifupi 1,000 pachaka. Chiwerengerochi chili pakati pa cha Bergen, kumene kumagwa mamilimita oposa 2,000, ndi cha zigwa zouma za kum'mawa, chifukwa mitambo yochokera ku Atlantic imakhuthula madzi ake ambiri pokwera mapiri a kumadzulo. Komabe chiwerengero chimenechi chimabisa zambiri. Chinthu cholamulira moyo ku Finse ndi mphepo. Popeza palibe nkhalango yoitchinga, mphepo imanyamula chipale chouma n'kuchiulutsa chopingasa, moti china sichilowa n'komwe m'chiwiya choyezera. Imasesa zitunda n'kuzisiya zili mbee miyala yokhayokha, chipale chonsecho n'kukachiunjika kuseri kwa thanthwe, kwa nyumba, kapena m'chigwembe chimene anthu anakumba kuti njanji idutse. Mulu umodzi ukhoza kufika padenga usiku umodzi wokha. Pa namondwe wotere thambo ndi nthaka zimafanana, munthu saona dzanja lake lomwe, ndipo akhoza kusochera ali pa mtunda wa mapazi makumi awiri kuchokera pakhomo. N'chifukwa chake njira za maski zolumikiza nyumba za alendo m'mapiriwa zimazikidwa timitengo motsatizana nyengo ya Pasaka isanafike.

Zomera za kumeneko ndi zokwawa: tizitsamba ta msondodzi tosapitirira m'bondo, ndere, udzu, ndi timaluwa tofulumira kuphuka ndi kubereka m'masabata ochepa amene nthaka imakhala poyera. Nyama yaikulu ya m'derali ndi reindeer, ya mtundu wa agwape, imene yaimuna ndi yaikazi yomwe imakhala ndi nyanga zanthambi. Imadya ndere imene imafukula pansi pa chipale ndi ziboda zake zotambalala. Gulu la nyamazi la ku Hardangervidda ndilo lalikulu kwambiri mu Ulaya mwa magulu osawetedwa, ndipo nyama imeneyi ndiyo inayamba kukopera anthu ku Finse.

Alenje anafika m'derali zaka masauzande angapo zapitazo, m'nyengo imene zida zinali za miyala. Malo odziwika bwino ndi Sumtangen, kamtunda koloza m'nyanja ya Finnsbergvatnet, kum'mwera kwa Finse. Pamenepo pankadutsa nyama zoyenda pakati pa msipu wa kumpoto ndi wa kum'mwera, ndipo alenje anaidziwa njira imeneyi. Ankaunjika miyala m'mizere yaitali, milu yooneka ngati anthu oimirira, kuti nyama zikadzidzimuka zithamangire kumene mizereyo ikuloza, ndiko kuti m'nyanja. Nyama yothamanga kwambiri pamtunda imakhala yosavuta ikamasambira, choncho alenje ankaiyandikira pa ngalawa n'kuibaya.

Ulenje umenewu unafika pachimake m'zaka za m'ma 1200, makamaka theka lachiwiri la zaka zimenezo. Pa Sumtangen pali mabwinja a nyumba ziwiri zamiyala, ndipo pambali pake pali milu ya mafupa imene akatswiri ofukula zakale anawerengera kuti ndi ya nyama masauzande angapo, zophedwa m'zaka makumi ochepa chabe. Kumeneku sikunali kusakira ndiwo za pakhomo. Nyama inkachotsedwa kumafupa pomwepo kuti katundu apepuke, ndipo nyanga zambiri sizipezeka m'milumo, zomwe zikusonyeza kuti zinkatengedwa kupita kumsika. M'nthawi imeneyo mzinda wa Bergen unali likulu la mafumu a Norway ndi doko lalikulu la malonda, ndipo amisiri ake ankasema zipeso ndi nyanga za reindeer. Pa mafupa ena a ku Sumtangen panapezeka zilembo zakale za anthu a kumpoto, umboni wakuti pakati pa alenjewo panali odziwa kulemba. Pofika cha m'ma 1300 ulenje waukuluwo unatha, ndipo n'kutheka kuti nyama zinali zitachepa kwambiri.

Kwa zaka mazana otsatira, m'chigwa cha Finse munkangodutsa anthu apaulendo: alenje, asodzi a m'nyanja za m'mapiri, ndi amalonda othamangitsa ng'ombe kuchokera kumadzulo, amene ankazinenepetsa pa msipu wa m'nyengo yotentha asanakazigulitse kum'mawa. M'zaka za m'ma 1800 kunayamba kubwera olemera a ku Britain okonda kusaka, ndipo mmodzi wa iwo, Lord Garvagh, anamangitsa kanyumba kamiyala m'phiri la Hallingskarvet cha m'ma 1880, kamene kalipo mpaka lero. M'nyengo yozizira chitundachi chinali choopsa. Mu 1896 Roald Amundsen, amene pambuyo pake anakhala woyamba kufika kumapeto a kum'mwera kwa dziko lapansi, anatsala pang'ono kufera pa Hardangervidda poyesa kudutsapo pa maski ndi mbale wake.

Maganizo oyala njanji pamwamba pa mapiri amenewa ankaoneka ngati misala kwa anthu ambiri. Koma Bergen, mzinda wachiwiri wa dzikolo, unali wodukana ndi likulu la Oslo, limene panthawiyo linkatchedwa Kristiania. Ulendo wa panyanja wozungulira gombe la kum'mwera unkatenga masiku, ndipo amalonda a ku Bergen ankafika msanga ku Britain kusiyana ndi ku likulu lawo lomwe. Chigawo choyamba, cha Bergen mpaka Voss, chinatsegulidwa mu 1883. Mu 1894 Nyumba ya Malamulo ya Storting inavomereza kuti njanji ikwere kuchokera ku Voss mpaka ku Taugevatn, ndipo mu 1898 inavomereza chigawo chotsala cha kum'mawa. Ntchito yovuta koposa inali ngalande ya Gravhals, yotalika mamita 5,311, yoboola phiri pakati pa Upsete ndi Myrdal, imene inatenga zaka pafupifupi khumi.

Njanji isanayalidwe panafunika msewu wonyamulira katundu, ndipo msewu umenewu, umene unamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndiwo lero ukutchedwa Rallarvegen. Pamsewuwo pankadutsa ngolo zokokedwa ndi mahatchi zonyamula simenti, matabwa, zophulitsira miyala, ufa ndi nkhuni, pakuti m'dera lopanda mitengo ngakhale chikuni chophikira chinkachokera kutali. Zonsezi zinkayenera kufika m'miyezi itatu kapena inayi imene msewu unali wotseguka. Anthu ogwira ntchitoyi ankatchedwa rallar. Anali amuna oyendayenda otsata ntchito za njanji ndi migodi, ambiri a ku Norway komweko, ena ochuluka ndithu ochokera ku Sweden. M'malo ambiri ankaboola thanthwe ndi manja: mmodzi agwira chitsulo chosongoka n'kumachitembenuza pang'ono, mnzake akuchimenya ndi nyundo, mpaka dzenje litakwana kulowetsamo zophulitsira. Ankagwira ntchito m'magulu, kulipidwa molingana ndi kuchuluka kwa thanthwe limene aswa, ndipo ankagona mothithikana m'zithando zamatabwa, gulu lililonse lili ndi mayi wowaphikira, amene ntchito yake inkayamba amunawo asanadzuke n'kutha iwo atagona.

M'nyengo yozizira ntchito ya panja inkaima, koma oboola ngalande ankapitiriza, atatsekeredwa m'mapiri miyezi yambiri. Masika akafika, asanayambe ntchito yeniyeni, ankayamba akumba chipale ndi mafosholo kuti apeze pamene analekezera chaka chatha. Milatho yamiyala yosema imene anamanga, yopindika ngati uta, idakalipo m'mbali mwa Rallarvegen, ndipo kulumikizana kwa miyala yake kumasonyeza kuti anthuwa, amene anthu a m'midzi ankawaona ngati osakhazikika, anali amisiri enieni. Mbiri ya njanjiyi imatchula kwambiri mainjiniya ndi andale, koma ulemu waukulu uyenera kupita kwa iwo.

Njanji za kum'mawa ndi kumadzulo zinakumana ku Ustaoset mu Okutobala 1907, koma chipale cha nyengo yotsatira chinatseka njirayo. Mwambo wotsegulira njanji yonse unachitika pa 27 Novembala 1909, ndipo Mfumu Haakon VII inaitcha ntchito yaikulu ya m'badwo wawo. Panali patangopita zaka zinayi dziko la Norway litasiyana ndi Sweden, choncho njanjiyi inali chonyadira cha mtundu wonse. Kutsegula kunali kosavuta. Chovuta chinali kuti sitima ziziyenda tsiku ndi tsiku pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 wopanda mtengo. Apa ndi pamene Finse anakhala mudzi. Anamangapo nyumba zosungira mitu ya sitima ndi makina ochotsa chipale, oyendera nthunzi, okhala ndi chigudumu chamipeni kutsogolo chimene chimadya mulu wa chipale n'kuchilavulira kutali kumbali. M'malo oipitsitsa njanji inavindikiridwa ndi mashedi aatali amatabwa, ndipo m'zitunda anazika mipanda yoswa mphepo. Makina akalephera, amuna ankatuluka ndi mafosholo. Oyendetsa sitima, osonkhezera moto, amakaniko, ogwira ntchito pasiteshoni ndi pahotela anabwera ndi mabanja awo, ndipo panakhala sukulu ndi sitolo. Pachimake pake mudziwu unali ndi anthu pafupifupi 200.

Kunja kwa mudzi, motsatira njanji, kunali nyumba za alonda a njanji, iliyonse payokha. Yokwera kuposa zonse inali Fagernut, pa mamita 1,310. Mlonda ankayendera chigawo chake cha njanji tsiku lililonse, kaya kuli namondwe kaya kulibe, kuyang'ana ngati mwala wagwa, ngati chitsulo chasweka ndi kuzizira, kapena ngati chipale chatseka pakamwa pa ngalande. Mkazi ndi ana ankakhala m'nyumba imene mawindo ake apansi ankakwiririka miyezi ingapo, chakudya ndi makalata zikubwera pa sitima. Chitetezo cha anthu mazanamazana odutsa usiku ali mtulo chinkadalira munthu mmodzi woyenda ndi nyali mumdima.

Hotela ya ku Finse inatsegulidwa mu 1909 momwemo, ndipo cholinga china chinali chakuti apaulendo apeze pogona sitima ikatsekeredwa. Posakhalitsa olemera a ku Ulaya anazindikira kuti pamalopa akhoza kutsetsereka pa maski mpaka mwezi wa Meyi, pongotsika sitima. Anthu ofufuza madera ozizira a kumalekezero a dziko anaonanso mwayi womwewo: nyengo yofanana ndi ya ku Antarctica, koma yofikika pa tikiti ya sitima. Mu Meyi 1914 Ernest Shackleton anabwera ndi anzake kudzayesa mahema, chakudya cha paulendo ndi zilei zoyendera injini, asananyamuke pa ulendo wa chombo cha Endurance, chimene chinaphwanyidwa ndi ayezi chaka chotsatira. Pafupi ndi hotelayo pali chipilala chokumbukira Robert Falcon Scott ndi anzake amene anafera ku Antarctica mu 1912. Panamangidwanso holo yotsetserekamo pa ayezi, mmene Sonja Henie, amene anapambana mendulo zagolide pa masewera a Olympic mu 1928, 1932 ndi 1936, ankachitira maseweredwe ake okonzekera.

Holoyo inawonongeka ndi mabomba pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Asilikali a Germany, amene analanda Norway kuyambira 1940 mpaka 1945, anakhazikika ku Finse ndipo anayesa kukonza bwalo la ndege pamwamba pa Hardangerjøkulen, koma ming'alu ya ayezi ndi nyengo zinawagonjetsa. Nyumba imene anamanga m'mbali mwa nyanja inatengedwa nkhondo itatha ndi bungwe la oyenda m'mapiri la Den Norske Turistforening, lomwe linakhazikitsidwa mu 1868, ndipo ndiyo nyumba ya alendo ya Finsehytta ya lero.

Chimene chinachepetsa mudziwu ndi kupita patsogolo kwa njanji yomwe inaubala. Mu 1964 njanji yonse inayamba kuyendera magetsi, ndipo osonkhezera moto ndi osamala mitu ya nthunzi sanafunikenso. Nyumba za alonda zinatsekedwa imodzi ndi imodzi. Chigawo chovuta kwambiri chinatsala cha kumadzulo kwa Finse, chodutsa ku Taugevatn pa mamita 1,301, kumene ndalama zambiri zinkathera pochotsa chipale ndi kukonza mashedi. Mu 1993 anatsegula ngalande ya Finse, yotalika makilomita oposa 10, imene inalowetsa njanji pansi pa phiri n'kutsitsa malo ake okwera kwambiri kufika pa mamita 1,237. Kwa apaulendo chinali chinthu chabwino, pakuti sitima zinasiya kuchedwa kawirikawiri. Kwa anthu a ku Finse kunali kutha kwa ntchito imene inawasonkhanitsa. Mabanja anasamukira kuzigwa, sukulu inatsekedwa, ndipo imodzi mwa nyumba za mitu ya sitima inasanduka nyumba yosungiramo mbiri ya anthu amene anamanga njanjiyo.

Lero mudziwu ukudalira alendo. Dzina lake linamveka kutali chifukwa cha filimu ya The Empire Strikes Back, imene mbali yake inajambulidwa kumeneko mu Malichi 1979, chipale cha ku Finse chikuimira dziko lozizira lotchedwa Hoth. Namondwe anakula kwambiri moti zithunzi zina anazijambula kamera ili pakhomo la hotela, wosewera yekha ali panja. Msewu wa Rallarvegen unatsegulidwa kwa okwera njinga mu 1974, ndipo anthu ambirimbiri amaupalasa chaka chilichonse kuchokera ku Haugastøl, kudutsa ku Finse, mpaka kutsikira ku Flåm m'mbali mwa nyanja yamchere, mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Zaka zina amafunika kukankha njinga pa chipale mu Julayi. Mu Epulo mumachitika mpikisano wa maski wa Skarverennet, wochokera ku Finse kukathera ku Ustaoset, umene umasonkhanitsa anthu masauzande. Malo ozungulira ndi otetezedwa: paki ya Hardangervidda inakhazikitsidwa mu 1981, ndipo ya Hallingskarvet mu 2006.

Kum'mawa pang'ono kwa siteshoni kuli malo a kafukufuku a mayunivesite a Oslo ndi Bergen, amene akhala akugwira ntchito kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Phindu la malo otere lili m'kuyeza chinthu chimodzimodzi chaka ndi chaka kwa nthawi yaitali, ndipo chitsanzo chabwino ndi cha lemming, kanyama konga mbewa, kachikasu ndi kakuda. Kale tinyamati tinkachuluka modabwitsa zaka zitatu kapena zinayi zilizonse. Timaswana m'nyengo yozizira, m'kampata ka pakati pa nthaka ndi chipale, mmene mumakhala mofunda ndipo ndere imapezeka. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2008, wochokera pa zoyeza za ku Finse, anasonyeza kuti kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990 kuchuluka kwa nthawi ndi nthawi kuja kunasokonekera. Chifukwa chake n'chakuti masiku ofunda a pakati pa nyengo yozizira amasungunula chipale kapena kugwetsa mvula, kenako madziwo amaundana pansi, kampata kaja n'kutsekeka ndipo chakudya n'kukhala kuseri kwa ayezi. Tinyamati tikasowa, nkhandwe ndi mbalame zolusa zimatembenukira ku mazira ndi anapiye a mbalame zoikira pansi. Nkhandwe yoyera ya kumalo ozizira, imene imabereka ana ambiri m'zaka za lemming zokha, inali itatheratu ku Finse, ndipo inabwezeretsedwa potulutsa ana oleredwa ndi anthu kuyambira cha m'ma 2009, n'kumawaikira chakudya m'malo osankhidwa.

Chimulu cha Hardangerjøkulen nacho chikuyezedwa mosalekeza. Bungwe la boma loona za madzi ndi magetsi, NVE, lakhala likuyeza kuyambira 1963 kuchuluka kwa chipale chimene Rembesdalskåka amalandira ndi chimene amataya. M'zaka zina za chipale chambiri, makamaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, chimuluchi chinanenepa, koma kuyambira cha m'ma 2000 chakhala chikuchepa, ndipo malirime a Blåisen ndi Midtdalsbreen abwerera m'mbuyo moonekeratu. Kapangidwe kake kamachiika pangozi kuposa zimulu za m'mapiri osongoka. Popeza pamwamba pake ndi pathyathyathya, malire a chipale chosasungunuka akangokwera mamita ochepa, dera lalikulu lolandira chipale limatayika nthawi imodzi. Ndipo ayezi akamaphwa, pamwamba pake pamatsikira mu mpweya wofunda, kusungunuka n'kuwonjezereka. Matope a pansi pa nyanja zozungulira akusonyeza kuti chimuluchi chinasowapo kale m'nyengo yofunda ya zaka masauzande angapo zapitazo, n'kudzayambanso kukula zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Akatswiri amene awerengera tsogolo lake apeza kuti kutentha kukapitirira kukwera pa liwiro la masiku ano, mbali yaikulu ya Hardangerjøkulen ikhoza kukhala itasungunuka pofika cha m'ma 2100.